Kusaka timabokosi tobisika mu Chipata: momwe mungakonzere ulendo wapansi wa geocaching

Geocaching ndi masewera osakasaka. Munthu amabisa kabokosi penapake, mkati n'kuikamo kapepala kolembapo mayina, kenako amalemba manambala a GPS a malowo pa intaneti. Wina amalowetsa manambalawo mu foni, n'kuyenda mpaka atakapeza, n'kulemba dzina lake ndi tsiku, n'kukabwezera pomwe kanali. Mulibe ndalama, mulibenso mphotho. Masewerawa anayambira ku America mu May 2000, boma la kumeneko litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, yomwe kale inkatha kuphonya ndi mamita 100. Pa 3 May, Dave Ulmer anakasiya ndowa yakuda m'thengo pafupi ndi Beavercreek ku Oregon n'kulengeza manambala ake. Lero pa Geocaching.com pali timabokosi toposa 3 miliyoni padziko lonse.

Kuno ku Zambia n'tochepa kwambiri mukayerekeza ndi ku Ulaya kapena ku South Africa. Mukangodikira kuti wina akubisireni, mudikira mpaka liti? N'chifukwa chake malangizo awa akukhalitsa pa kupanga ulendo wanuwanu, wa kalasi yanu, wa achinyamata a kutchalitchi, kapena wa alendo odutsa popita ku Mfuwe. Chipata ndi tauni yoyenera: pakati pake mpoyendeka wapansi, mbiri ilipo, mapiri azungulira mbali zonse. Koma zomwe zimatheka kunja sizitheka chimodzimodzi kuno. M'tauni muno mulibe ngodya yopanda maso, botolo lokhala ndi chitsekero chabwino ndi katundu woti wina akasungiramo mchere, ndipo chinthu chobisidwa m'phako chokulungidwa ndi tepi yakuda anthu amachimva mwina. Choncho ulendo wa kuno uzitsamira pa mafunso amene mayankho ake ali pamakoma a tauni, ndipo kabokosi kakhale kamodzi kokha, kumapeto, pamalo omwe mwini wake akudziwa.

1. Konzani foni musanachoke pakhomo

Foni iliyonse yamakono ili ndi GPS. Tsegulani akaunti yaulere pa Geocaching.com, n'kusankha dzina lomwe muzilemba m'timabokosi. Lisakhale dzina lanu lonse. Ikani app ya Geocaching, kapena c:geo ngati foni ndi ya Android, yomwe ndi yaulere ndipo imalola kusunga zonse mu foni. App ya eni ake imaonetsa osalipira timabokosi tosavuta tokha, choncho muziyang'ananso pa webusaiti.

GPS siidya bando. Foni imangomvera masetilaiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ikamva anayi kapena kuposa imadziwa pomwe ili. Chomwe chimadya bando ndi mapu. Tsitsiranitu mapu a Eastern Province mu OsmAnd kapena Organic Maps muli pa Wi-Fi, kenako mutha kuzimitsa data tsiku lonse. Batire ndiye limatha msanga chifukwa padzuwa mumawalitsa sikirini mpaka pamapeto. Tchajani usiku wake, ndipo ngati magetsi ndi ozimazima kwanuko, power bank isatsale.

2. Phunzirani kuwerenga manambala

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Osewera geocaching amalemba malo mu madigiri ndi maminiti, motere: S 13° 38.400 E 032° 39.000. Manambala amenewa akugwera cha m'tauni mwa Chipata. S akutanthauza kummwera kwa equator, E kummawa kwa Greenwich. Google Maps imakonda kulemba malo omwewo mu madigiri okha: -13.640, 32.650. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60, ndiye 0.640 kuchulukitsa ndi 60 ndi 38.4. Munthu akasokoneza mitundu iwiriyi n'kulemba 13.384, foni imuloza makilomita pafupifupi 28 kumpoto. Akaiwala S kapena kachizindikiro kochotsera kaja, foni imuuza mosanyinyirika kuti kabokosi kali ku Sudan, m'mbali mwa White Nile.

Sungani izinso m'mutu: pa manambala atatu a pambuyo pa kadontho ka maminiti, yomaliza ikasintha ndi 1, pansi mwasuntha pafupifupi mamita 2. Yapakati ikasintha ndi 1, mamita 18. Yoyamba ikasintha ndi 1, mamita 185, ndiye kuti muli kale pabwalo la eni ake. Masamu amenewa muwafuna pa sitepe 5.

3. Yambani mwasaka musanabise

Tsegulani mapu a app muone ngati pafupi pali kabokosi. Ngati kalipo, werengani tsamba lake lonse: kukula kwake, nyenyezi za kuvuta kwa kusaka ndi za kuvuta kwa njira, zomwe zimayambira 1 kufika 5, komanso zomwe analemba omaliza kufikapo. Ngati womaliza kukapeza anabwera zaka zapitazo ndipo otsatira onse analemba DNF, kutanthauza kuti sanakapeze, musaononge nsapato. Ngati palibe chilichonse, gwirizanani ndi mnzanu: iye abise kabotolo pabwalo la mpira akupatseni manambala, inunso mumuchitire chimodzimodzi. Eni Geocaching.com amalangiza kupeza timabokosi 20 musanabise kanu. Kuno chiwerengerocho n'chovuta, koma cholinga chake n'chomveka: wobisa ayenera kudziwa momwe wosaka amavutikira.

Posaka, muvi wa pafoni ukutsogolerani bwino mpaka mutatsala mamita 10. Kuchokera apo umayamba kuzungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Si kuti foni yafa. GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, ya wobisa uja inaphonyanso, ndipo pafupi ndi makoma ndi malata siginolo imanjanja isanafike pa inu. Ikani foni m'thumba, imani, yang'anani. Dzifunseni kuti mukanakhala inu mukanabisa pati. Miyala itatu yosanjikizana mosakhala mwachilengedwe, khungwa lotsamira patsinde, kansomali kokhomedwa kumbuyo kwa chikwangwani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja lokha musalilowetse m'phako musanagogode ndi kamtengo. Zinkhanira ndi njoka sizidziwa za masewera.

4. Sankhani njira yoyendamo

Ulendo wabwino wa m'tauni ukhale wa makilomita 4 mpaka 6, woima malo asanu kapena asanu ndi limodzi, woti munthu wamba autha dzuwa lisanafike paliwombo. Pamalo aliwonse pakhale nkhani yoti munene m'mizere itatu kapena inayi. Popanda nkhaniyo, anthu angoyenda atawerama pafoni.

Yambirani ku Boma, komwe kuli maofesi akale a boma. Tauni ino inabadwa ndi nkhondo. Kuchiyambi kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa ndi mfuti atagwidwa. Pambuyo pake British South Africa Company inamanga boma lake pano n'kulitcha Fort Jameson, potengera Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Ambiri sadziwa kuti tauni ino inali likulu la dziko lapalokha, North-Eastern Rhodesia, lomwe Robert Codrington analilamulirapo, mpaka mu 1911 pomwe linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia kupanga Northern Rhodesia, likulu n'kukhala ku Livingstone. Dzina la Chipata linabwera pambuyo pa ufulu wa dziko wa mu 1964, ndipo mu February 2017 tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda. Ku Boma chenjerani ndi kamera: werengani zomwe zikuoneka muli mumsewu, osajambula maofesi.

Tchalitchi cha Anglican cha St Paul's n'chimodzi mwa zomanga zakale za nthawi ya Fort Jameson, ndipo ndi malo abwino oimapo achiwiri. Mutha kuwonjezera St Anne's Cathedral ya Akatolika ngati njira ikulola.

Kenako tsikirani ku Down Shops. Kwa ine apa ndiye mtima wa ulendo wonse, chifukwa Chipata ndi tauni ya malonda isanakhale china chilichonse. Amwenye ochokera ku Gujarat, ambiri a iwo Asilamu, anayamba kufika ku Fort Jameson kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, n'kutsegula mashopu kumunsi, kutali ndi komwe azungu ankakhala. Kagawidwe ka tauni ka nthawi ya atsamunda kakuonekabe mukamayenda wapansi: kumtunda maofesi, mitengo ndi bwalo la gofu, kumunsi makonde aataliatali, zitenje zopachikidwa pakhomo, matayala a njinga, mapoto, feteleza, atelala ali pamakina awo pakhonde, ndi mzikiti waukulu womwe nsanja zake zimaonekera patali. Muuzeni woyenda akweze maso pamwamba pa zikwangwani zatsopano aone kamangidwe ka makoma akutsogolo kwa mashopu akale. Anthu amadutsa apa tsiku lililonse osayang'ana kumwamba.

Msika usasowe, kaya Kapata Market kaya Saturday Market. Nkhani ya apa ndi ya mbewu ndi njinga: fodya amene anakopa alimi achizungu m'zaka za m'ma 1920, nshawa ndi thonje za alimi a kumidzi, malire a Mwami omwe ali pafupi ndipo amabweretsa amalonda a ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndi njinga za Eagle zomwe zinkapangidwa muno momwe ku Luangwa Industries. M'kati mwa msika GPS siigwira bwino chifukwa cha malata, ndipo si malo otulutsira foni yodula n'kumaiyang'ana mwaulesi. Funso lanu liike pachipata kapena kunja kwa mpanda.

Malizirani chokwera, cha ku Kanjala Hill, komwe munthu amaona tauni yonse ili m'chigwa ndi misewu yopita ku Lusaka, ku Lundazi ndi ku Malawi. Ngati gulu lanu lili ndi achikulire kapena ana aang'ono, lekezani m'munsi mwa phiri. Geti lalikulu lolandira alendo la pamsewu wa Lusaka ndi lokongola pachithunzi, koma lili kunja kwa njira yapansi. Lisiyireni ulendo wa panjinga. Feni ndi Mtenguleni, komwe kumachitikira Nc'wala, nakonso n'kwa tsiku lina.

Pali malo oti muwazungulire patali: Gondar Barracks ndi malo ena alionse a asilikali, polisi, ndende, mabanki, matransifoma a ZESCO, nsanja za mafoni, sukulu za ana, ndi malire. Munthu woyendayenda ndi foni m'manja, kusuzumira pansi pa mipanda, alonda sangamumvetse, ndipo sakulakwa. Kumanda musapiteko konse, ngakhale mutamva kuti kuli miyala ya zaka zakale yomwe ikanapanga funso labwino. Kumidzi ya Achewa manda ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo wolowako popanda chilolezo amapalamula mlandu weniweni. Malo otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission, monga mapanga a zojambula zakale, ndi oyendera ndi maso okha; musasiyeko kanthu.

5. Pangani mafunso ndi masamu ake

Mtundu uwu wa masewera umatchedwa multi-cache. Woyenda mumamupatsa manambala a malo oimapo onse, ndipo paliponse amayankha funso lomwe yankho lake ndi nambala imodzi, kuyambira 0 kufika 9. Manambalawo akawaphatikiza amapeza komwe kuli kabokosi.

Tengani kope, yendani njira yonse nokha, muziyang'ana zinthu zowerengeka zomwe sizisuntha: mawindo a tchalitchi a mbali ya kumsewu, masitepe okwerera pakhonde, nsanamira za khonde la shopu, nsanja za mzikiti, nambala yomaliza ya chaka cholembedwa pamwala wa maziko ngati mwaupeza. Pewani zopakidwa penti, chifukwa makampani a mafoni ndi a sopo amapaka makoma a mashopu mwatsopano nthawi iliyonse, ndipo funso lanu lifa ndi penti yakaleyo. Pewaninso zomwe munthu angayankhe ali pabedi. Chaka chomwe North-Eastern Rhodesia inatha chili pa intaneti; chiwerengero cha nsanamira za khonde linalake la ku Down Shops chili pakhondepo basi.

Funso lisakhale ndi mayankho awiri. "Mawindo ndi angati?" ndi funso loipa, chifukwa wina awerenga ndi timawindo ta mpweya tapamwamba, wina ayi. Lembani kuti, "Imani mumsewu moyang'ana khomo lalikulu. Werengani mawindo akuluakulu okha a kudzanja lanu lamanja. Yankho ndi A."

Tiyerekeze kuti kabokosi kanu kali pa S 13° 38.274 E 032° 39.516, ndipo mayankho anu ndi A = 4, B = 7, C = 6, D = 3. Mulemba motere: S 13° 38.2BA E 032° 39.(D+2)1C. Woyenda aika 7 ndi 4 pa manambala a S, 5 ndi 6 pa manambala a E. Pomwe yankho silikugwirizana ndi nambala yofunika, wonjezerani kapena chotserani monga tachitira ndi D. Kenako perekani choyesera, choti woyenda adziwe ngati mayankho ake ali olondola: A+B+C+D = 20. Mzere umodzi umenewu ndi wofunika kuposa momwe ukuonekera. Munthu akalakwitsa D ndi 1 yekha, akasaka mamita pafupifupi 180 kutali ndi kabokosi, mwina kuseri kwa bafa la munthu, ndipo dzina lomwe litchulidwe pamlandu ndi lanu.

6. Pemphani chilolezo, ndipo pezani mlonda wa kabokosi

Sitepe iyi siidumphidwa. Malo alionse ali ndi mwini: khonsolo, mpingo, mwini ploti, kapena kunja kwa tauni anyakwawa. Pitani masana, mutavala bwino, kabokosi kali m'manja kotsegula kuti aone zam'kati. Lonjerani kaye mokwanira, nkhani ibwere pambuyo. Zimayenda chonchi:

"Pepani bambo, ndakusokonezani pantchito. Tili ndi masewera ophunzitsa achinyamata mbiri ya tauni ino. Amayenda ndi foni, pomaliza amafuna kabotolo aka n'kulembamo dzina. Ndimati ndipemphe ngati mungalole kuti kazikhala kuseri kwa mtengo uwo."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Onani nokha, bambo. Kapepala ndi pensulo."

"Nanga inu mupindulapo chiyani?"

Funso lomalizali libwera ndithu, ndipo muliyankhe moona: palibe ndalama, kwa inu kapena kwa iwo. Musalonjeze kuti azungu adzadzaza pamalopo. Mwina pachaka padzafika anthu owerengeka. Akakana, thokozani n'kupita kwina.

Akalola, mwapeza chinthu choposa chilolezo. Amayi a pakantemba kapena mlonda wa pageti amene akudziwa za kabokosi ndiye adzauza ana kuti akasiye, ndiye adzatontholetsa aneba akaona mlendo akufufuza patsinde, ndiyenso adzakuimbirani kakasowa. Osewera akunja amanyadira kusaka mobisa kuti odutsa asazindikire. Kuno kuzemba n'komwe kumakupangitsani kuoneka wakuba kapena woika mankhwala. Wosaka alonjere anthu omwe ali pafupi, anene chomwe akuchita. Dziwani chabe kuti malamulo a Geocaching.com salola kabokosi kokakamiza munthu kulowa m'shopu, kugula kanthu kapena kupempha kwa wogulitsa, ndiponso salola kutsatsa malonda patsamba lake. Kakhale panja, pofikika popanda kugogoda. Kugula botolo la thobwa kwa amayi aja ndi ulemu wanu, osati lamulo.

Kutchalitchi ndi kumzikiti, ngakhale simukubisako kanthu, kadziwitseni akuluakulu kuti anthu aziima panja n'kumawerenga mawindo. Patsamba lembani kuti asafike nthawi ya mapemphero: Lamlungu m'mawa kutchalitchi, Lachisanu masana kumzikiti.

7. Kabokosi ndi pobisa pake

Sankhani kabotolo kapulasitiki kolimba, ka chitsekero chopotokola, kosakopa maso. Ka mankhwala a kuchipatala kotsukidwa bwino n'kuchotsedwa chipepala chake kamachita. Botolo lomwe munali chiponde kapena jamu lisiyeni. Fungo silitha, ndipo makoswe ndi nyerere zilipeza anthu asanalipeze. Chitini chimachita dzimbiri mvula yoyamba. Kontena yokongola ya kukhitchini siigona masiku awiri.

Musakakulunge ndi nsalu, ulusi, mikanda kapena tepi yakuda. Ngati mukufuna kuti kasawale, kapakeni penti yotuwa kapena yofiirira, koma pakhale poonekera kuti munthu aone kuti m'kati muli pepala. Kunja lembani m'Chinyanja ndi m'Chingerezi ndi inki yosafufutika: "Iyi ndi geocache, masewera a GPS. Si mankhwala, mulibe ndalama. Chonde bwezerani pomwe mwapeza." M'kati ikani kapepala kolembapo mayina m'kajumbo kotseka, ndi kapensulo kachidule. Bolopeni imauma ndi kutentha. Ngati malo alipo, ikani tinthu tosinthana monga mabatani okongola, zomata kapena kopachikira makiyi. Lamulo ndi lakuti wotenga asiye china chofanana nacho kapena choposa. Zakudya, maswiti, machesi, mipeni, mankhwala ndi ndalama ayi.

Kukwirira n'koletsedwa, ngakhale kukumba kadzenje ndi chala. Kukhoma misomali pamtengo wamoyo kapena kuboola khoma la eni n'koletsedwanso. Funani mpata womwe ulipo kale: mng'alu wa mwala, phako louma, kuseri kwa njerwa yomasuka. Poyang'ana malowo ganizirani nyengo zonse. Mu December madzi adzadutsa pati? Mu September lupsa likadzatentha udzu wa m'phiri, pulasitiki idzapulumuka? Pakati pa miyala, pokwera pang'ono, pamthunzi, ndiye pabwino. Ngalande ndi pansi pa milatho ayi. M'phiri yang'ananinso ngati pafupi pali chitedze, chifukwa wosaka amene wayabwidwa sadzakukhululukirani.

8. Tengani manambala, yesetsani, lembetsani

Imani pamalo enieniwo, foni ili m'manja poyera, dikirani mphindi ziwiri kuti manambala akhazikike, lembani. Chokani masitepe 30, bwererani, lembaninso. Chitani kangapo, bwinonso kubwerera tsiku lina nthawi ina, kenako tengani apakatikati. c:geo ndi ma app ena ali ndi pochitira zimenezi okha. Musatenge manambala pongodina pa chithunzi cha mapu muli kunyumba.

Kenako perekani pepala lonse kwa munthu amene sanakuthandizeni kukonza, makamaka wosadziwa masewerawa, ayende yekha inu muli chete kumbuyo. Pomwe waima n'kukanda mutu, funso ndi lomwe lalakwika, osati iye.

Ngati ulendowu ndi wa gulu lanu lokha, sindikizani mapepala, mwatha. Ngati mukufuna kuti dziko lonse liuone, lembetsani pa Geocaching.com. Tsamba lanu liyamba lawerengedwa ndi munthu wodzipereka amene amaona ngati malamulo atsatidwa, ndipo angakufunseni za chilolezo. Kabokosi kanu kayenera kutalikirana ndi ka wina ndi mamita 161 kapena kuposa; malo ongowerengapo zinthu lamuloli siliwakhudza. Kayeneranso kukhala koti kakhalitsa, miyezi itatu kapena kuposa, ndipo inu mukhale munthu wokhala pafupi woti n'kukasamalira. Lembani tsambalo m'zinenero ziwiri. Nenani zoona za njira: kutalika kwake, ngati pali chokwera, ngati njinga ya olumala ingadutse. Nkhani ya Nsingo ndi ya Down Shops muilembe m'mawu anu, mosakometsera.

9. Tsiku la ulendo

Miyezi yabwino ndi May mpaka August, kukuzizira, udzu utayamba kugwa. October ndi wa anthu olimba mtima, ndipo nthawi ya dzinja njira za m'phiri zimaterera. Sabata ya Nc'wala, kumapeto kwa February, tauni imadzaza moti simungaime pakhonde la shopu n'kumawerenga nsanamira.

Nyamukani 7 koloko m'mawa. Gawani anthu atatuatatu kapena anayianayi: wina agwire foni, wina pepala ndi pensulo, wina ayang'ane msewu. Wachitatuyu ndiye wofunika. Pa Umodzi Highway pamadutsa malole opita ku Mwami, ndipo njinga zonyamula anthu ndi njinga zamoto zimatulukira mbali iliyonse. Lamulo likhale loti woyang'ana pafoni aime kaye. Muvi umaloza molunjika, sudziwa mpanda, dimba kapena galu. Tsatani misewu ndi tinjira ta anthu onse. Magulu anyamuke motalikirana ndi mphindi 10, apo ayi onse angotsatira gulu loyamba.

Nyamulani madzi, chipewa, reji yanu, ndalama zosintha za vitumbuwa ndi za njinga yobwerera, ndi jumbo yotoleramo zinyalala panjira ya kuphiri, chomwe ndi chizolowezi cha osewera padziko lonse. Ana asayende opanda wamkulu, ndipo kuphiri musakwere nokha kapena madzulo.

Mukakapeza, lembani dzina ndi tsiku, tsekani chitsekero mpaka chitalimba, bwezerani ndendende momwe kanaliri, osati pomwe inu mukuona kuti m'pabwinopo. Pa intaneti lembani mizere ingapo ya zomwe mwaona, koma osaulula mayankho kapena kuika chithunzi cha pobisalira. Mukalephera, lembani DNF mosachita manyazi, chifukwa ndi momwe mwini amadziwira kuti mwina kasowa.

10. Kusamalira

Kabokosi ndi kanu mpaka mutakachotsa. Kayendereni mvula yoyamba ikagwa, kenako dzinja likatha, ndiponso nthawi iliyonse anthu awiri otsatizana akalemba kuti sanakapeze. Popita tengani kapepala katsopano, kajumbo, pensulo ndi kabotolo kena kolembedwa kale, kuti ngati kasowa mubwezeretse tsiku lomwelo. Yendaninso malo a mafunso kamodzi pachaka, chifukwa Chipata ikumangidwa usiku ndi usana: khonde lomwe linali ndi nsanamira zisanu ndi imodzi mutha kulipeza lagwetsedwa, pali nyumba yosanja. Zikatero sinthani funso ndi choyesera chake, ndipo imitsani tsambalo kwa kanthawi mpaka mutakonza. Kakabedwa kawiri pamalo amodzi, malowo ndi olakwika. Kambiranani ndi mwini malo musamutse, mutengenso manambala atsopano. Mukasamuka m'tauni, perekani kabokosi kwa wosewera wina kudzera pa webusaiti, kapena kachotseni n'kutseka tsamba lake, ndipo mukawauze amayi a pakantemba aja kuti asadikirenso alendo.